Paskha M'dziko la Eni: Ayuda a ku Harare ndi Machona a ku Zengeza

 Phunziro lathu lichokera pa kalata ya mneneri Yeremiya imene ili m'mutu 29 wa buku lake, ndiponso pa Eksodo 12, kuyambira ndime 21 kulekeza 28. Musanapitirire, tsegulani Buku Lopatulika ndi kuwerenga malo awiriwa. Lero sitiyenda ndime ndi ndime monga mwa chizolowezi chathu. Tifuna tione mbiri ya anthu amene anasunga mawu amenewa ali kutali ndi kwawo, m'dziko lomwe lino limene ambiri a ife tinabadwiramo makolo athu atachona. Funso lathu ndi ili: kodi mtundu wa anthu umasunga bwanji chikhulupiriro chake pamene ukukhala m'dziko la eni?

Mkulu wa ku Zengeza 1

Mu Zengeza 1, m'tauni ya Chitungwiza, kummwera kwa mzinda wa Harare, muli mkulu wina wa mpingo amene zaka zake zapitirira 85. Anachoka kwawo ku Ntcheu ali mnyamata, m'masiku a chitaganya, nakwera lole ya Ulere imene inkadzera ku Tete ndi ku Mutoko, ndipo kumudzi sanabwererenso. Adzukulu awo amawaitana kuti Sekuru, pakuti Chichewa amangochimva pang'ono, kuyankhula satha. Tsiku lina titaweruka ku mapemphero a mlaga, tinali kukambirana za Mgonero wa Ambuye, ndipo mkuluyo anati kwa ine: "Abusa, Paskha amene inu mumangomuwerenga m'bukuyo, ine ndinaphika chakudya chake ndi manja angawa." Anali atagwira ntchito ya ukhukhi zaka zambiri pa banja la Ayuda mu Salisbury, amene lero ndi Harare.

Chinthu choyamba chimene anaphunzira pa nyumba imeneyo ndi cha miphika. Miphika, mbale ndi mipeni zinali za magulu awiri, zina za nyama, zina za mkaka, ndipo sizinkasakanizidwa ngakhale potsuka. Nyama inkachokera ku butchala imodzi yokha, kumene chiweto chinkaphedwa mwa lamulo lawo, ndipo asanaiphike ankaiviika m'madzi ndi kuithira mchere kuti magazi achoke. Nkhumba sinkalowa pakhomopo. Nsomba ya mamba ngati chambo inkaloledwa, koma mlamba ayi, chifukwa ulibe mamba, monga mwa Levitiko 11. Mkuluyo anaseka pondiuza kuti mbewa ankakadyera kwa anzake ku Harari, kumene tsopano timati ku Mbare.

Chachiwiri chinali Sabata. Lachisanu masana zophika zonse zinkayenera kukhala zitatha. Dzuwa lisanalowe adona ankayatsa makandulo awiri, abwana ankadalitsa chikho cha vinyo ndi mikate iwiri yolukidwa, kenaka ankaika manja pa mitu ya ana. Kuyambira pamenepo kufikira nyenyezi zitaoneka Loweruka madzulo, moto sunkakolezedwa ndipo ndalama sinkagwiridwa. Si Ayuda onse a mu Salisbury amene ankasunga zimenezi mosamala chomwecho, pakuti ambiri ankatsegula masitolo awo Loweruka m'mawa monga amalonda ena onse. Koma ngakhale m'mabanja otere, chakudya cha Lachisanu madzulo chinkasonkhanitsa banja lonse pa tebulo limodzi.

Kumene anthu amenewa anachokera

Ayuda anafika m'dziko lino m'magulu awiri akuluakulu. Gulu loyamba linachokera kummawa kwa Ulaya, makamaka ku Lithuania, m'dziko limene panthawiyo linali pansi pa mfumu ya Russia. Kuyambira m'chaka cha 1881 Ayuda a mu ufumu umenewo anavutika ndi zipolowe zowaphera anthu ndi kuwaonongera katundu, pamodzi ndi malamulo owaletsa kukhala kumene afuna, kotero kuti ochuluka anathawira ku America, ndipo ena ku South Africa ndi kumpoto kwa mtsinje wa Limpopo. Chiyankhulo chawo cha pakhomo chinali Yiddish. Mpingo wawo woyamba unakhazikitsidwa ku Bulawayo m'chaka cha 1894, ndipo msonkhano wake woyamba unachitikira m'tenti. Wa ku Salisbury unatsatira m'chaka cha 1895. Ambiri anayamba ndi timasitolo ta m'migodi ndi m'midzi, kapena ndi malonda a ng'ombe.

Gulu lachiwiri, kumene kunachokera banja limene mkulu wathu ankaligwirira ntchito, linali la ku chilumba cha Rhodes, pa nyanja ya Mediterranean, chilumba chomwe chija chimene ngalawa ya mtumwi Paulo inafikako pa Machitidwe 21. Makolo a anthu amenewa anapirikitsidwa ku Spain m'chaka cha 1492, pamene mfumu Ferdinand ndi mfumukazi Isabella analamula kuti Myuda aliyense wokana kubatizidwa achoke m'dzikomo. Anakakhala mu ufumu wa Aturuki, koma kwa zaka zoposa 400 anasungabe chiyankhulo chimene anachoka nacho ku Spain, chotchedwa Ladino. Anyamata awo anayamba kubwera ku Rhodesia ndi ku Congo kudzafuna ntchito, natumiza ndalama kwawo, monga momwe anachitiranso makolo athu a ku Nyasaland. Anakhazikitsa mpingo wawowawo mu Salisbury m'chaka cha 1931, ndipo sunagoge wawo anatsegulidwa m'chaka cha 1958.

Anthu amenewa analibenso kwawo kobwererako. Mu Julayi 1944 asilikali a Germany anasonkhanitsa Ayuda otsala pa Rhodes, natengera pafupifupi onse, anthu ngati 1,700, pa zombo ndi pa sitima ku msasa wa imfa wa Auschwitz. Amene anapulumuka anali ngati 150 okha. Mabanja ambiri a mu Salisbury anataya makolo, alongo ndi abale awo pa ulendo umodzi womwewo. Mkulu wathu akukumbukira kuti chaka chilichonse, m'nyengo yachisanu ya Julayi, adona ankayatsa kandulo imodzi pa shelefu, ndipo tsiku limenelo sankayankhula zambiri. Patapita zaka zingapo ndi pamene anamuuza kuti kanduloyo inali ya amayi awo ndi achemwali awo awiri, amene manda awo palibe amene akuwadziwa.

Zikondwerero za kwawo pansi pa thambo la kuno

Ayuda amawerenga miyezi potsata mwezi wakumwamba, ndipo pa zaka 19 zilizonse amaonjezera mwezi wathunthu kasanu ndi kawiri, kuti zikondwerero zisachoke pa nyengo yake. Koma nyengo imene amatsata ndi ya dziko la Israyeli, limene lili kumpoto kwa dziko lapansi. Paskha amagwa mu Malichi kapena Epulo, pamene ku Israyeli chisanu chatha ndipo barele akucha. Kuno imeneyo ndi nthawi ya mondokwa ndi maungu, mvula ikutsazika. Madyerero a misasa amagwa mu Seputembala kapena Okutobala, pamene kumeneko akututa mphesa ndi azitona, koma kuno kuli kutentha koopsa, minda ili gwa, ndipo mitengo ya jakaranda ya mu Harare ikuchita maluwa. Chikondwerero cha nyali cha Hanukkah, chimene Yohane 10 akuchitchula kuti chinachitika m'nyengo yachisanu, kuno chimawapeza m'thukuta ndi mabingu a Disembala.

Pali chinthu chimodzi chimene chinagwirizana bwino. Pakutha pa madyerero a misasa Ayuda amayamba kutchula mvula m'mapemphero awo, ndipo amaleka pa Paskha, pamene amapempha mame m'malo mwake. Mvula ya ku Israyeli imagwa kuyambira Okutobala kufikira Epulo, m'nyengo yawo yozizira. Yathu imagwa m'miyezi pafupifupi yomweyo, m'nyengo yathu yotentha. Motero Myuda wa ku Kadoma kapena ku Kwekwe, popempherera mvula ya ku Yerusalemu, ankapempha pa nthawi yomwe mlimi wa ku Seke ankayang'ana kumwamba kudikira chizimalupsa.

Kukhala kunja kunawaonjezeranso masiku. M'nthawi ya Kachisi, kuoneka kwa mwezi watsopano kunkalengezedwa ku Yerusalemu, ndipo amithenga ankapita kukadziwitsa abale a ku Babulo ndi kwina. Popeza uthenga unkachedwa kufika, okhala kutali ankasunga masiku awiri m'malo mwa limodzi, kuopa kuphonya tsiku lenileni. Mwambowu unakhalabe ngakhale kalendala itakhazikika. Chifukwa chake Paskha ku Israyeli ndi wa masiku 7, koma Ayuda osunga mwambo okhala kunja amachita masiku 8, ndipo mgonero wa Paskha amaudya usiku uwiri motsatizana. Kalendala yokha inkawakumbutsa chaka ndi chaka kuti iwo ndi alendo.

Kukonzekera Paskha inali ntchito yolemetsa koposa kwa khukhi. Nyumba yonse inkasesedwa, makabati ankatsukidwa, matumba a zovala za ana ankakutumulidwa, kuti pasatsale ngakhale nyenyeswa ya buledi wotupitsa. Mbale za masiku onse zinkatsekeredwa, nizitulutsidwa zina zimene zinkagwira ntchito sabata imeneyo yokha. Mkate wopanda chotupitsa, wouma ngati bisiketi, unkabwera m'mabokosi kuchokera kunja kwa dziko. Mkulu wathu ankawiritsa mazira usiku wonse pamodzi ndi makoko a anyezi mpaka atasanduka ofiirira, monga amachitira a ku Rhodes. Pa tebulo pankaikidwa ndiwo zowawa zokumbutsa ukapolo, madzi a mchere okumbutsa misozi, phala lotsekemera la zipatso ndi mtedza looneka ngati dothi loumbira njerwa, ndi fupa lootcha la mwendo. Mwana wa nkhosa wa nsembe panalibe, pakuti chigwetsereni Aroma Kachisi m'chaka cha 70 Khristu atabadwa, palibenso malo operekera nsembeyo.

Tsono mvetsetsani apa, okondedwa. Kufotokoza nkhani ya usiku umenewo sikunkayamba ndi ulaliki wa mphunzitsi. Kunkayamba ndi mwana wamng'ono kuposa onse, amene ankaimirira kufunsa chimene chikusiyanitsa usiku umenewo ndi masiku ena onse. Pamenepo atate ankayankha pofotokoza nkhani yonse ya kutuluka m'Aigupto, m'Chihebri choyamba, kenaka m'chiyankhulo cha pakhomo kuti amayi ndi ana amve. Sankanena kuti makolo akale ndiwo anali akapolo. Ankafotokoza ngati kuti iwo eni, okhala pa tebulolo mu Salisbury, ndiwo anatulutsidwa. Pa nyumba imeneyo ankakulunganso mkate m'kansalu, nauika pa phewa la mwana ngati phukusi la wapaulendo, pokumbukira Eksodo 12:34. Mkulu wathu anati ataona zimenezo ali pakhomo la khitchini, anakumbukira phukusi la ufa ndi nyemba limene amayi ake anamumangira tsiku lochoka ku Ntcheu, ndipo anabwerera ku mbaula misozi ili m'maso. Mgonerowo unkatha ndi mawu ofunirana kuti chaka chotsatira adzadyere ku Yerusalemu.

Patapita miyezi 6 pankabwera masiku aakulu a mwezi wa Tishri, amene alembedwa pa Levitiko 23. Tsiku loyamba ndi chaka chawo chatsopano, pamene amaliza lipenga la nyanga ya nkhosa yamphongo. Tsiku la 10 ndi Tsiku la Chitetezero, limene iwo amati Yom Kippur, ndipo amasala chakudya ndi madzi kwa maola pafupifupi 25. Pa masiku amenewa amalonda a m'migodi ndi m'matauni ang'onoang'ono ankatseka masitolo, nabwera ndi mabanja awo mumzinda, chifukwa mapemphero ena a Chiyuda sachitika popanda amuna 10 a zaka 13 kapena kuposerapo. Tsiku la 15 ankayamba madyerero a misasa. Mkulu wathu ndiye ankadula bango ndi masamba a kanjedza ofolerera msasa kuseri kwa nyumba, ndipo denga lake linkayenera kukhala lopyapyala kuti nyenyezi zioneke. Anati zinkamudabwitsa kuona munthu wa nyumba ya njerwa ndi magetsi akudyera m'chisakasa chonga cha mlonda wa m'munda kwa masiku 7. Abwana anamuyankha kuti munthu akakhuta saona kuti nyumba yake ndi yobwereka, ndiye Mulungu analamula kuti kamodzi pa chaka atuluke panja akakumbukire.

Zoona zina zosayenera kubisa

Mbiri yoona siyenera kukometsedwa. Ayuda a mu Rhodesia ankawerengedwa m'gulu la azungu. Ankakhala ku Avondale ndi ku Milton Park, pamene wowaphikira ankagona m'kanyumba ka kuseri, nayenda ndi chitupa m'thumba, mkazi ndi ana ali kutali. Nkhani ya kumasulidwa kwa akapolo inkawerengedwa m'chipinda chodyera, ndipo munthu wopanda ufulu wovota anali kutsuka mbale kuseri kwa chitseko. Sir Roy Welensky, amene anabadwira mu Salisbury m'chaka cha 1907, mwana wa Myuda wochokera ku Lithuania, anali nduna yaikulu ya chitaganya kuyambira 1956 mpaka 1963, chitaganya chomwe makolo athu anachikana ndi mtima wonse. Komabe m'mtundu womwewo munatuluka Dr Ahrn Palley, phungu wa Highfield, amene anaimirira m'nyumba ya malamulo kutsutsa ufulu wodzipatsa wa Ian Smith wa m'chaka cha 1965, mpaka anamutulutsa m'nyumbamo. Munatulukanso Leo Baron, loya wa ku Bulawayo amene ankathandiza Joshua Nkomo, natsekeredwa chifukwa cha zimenezo. Munthu atha kudya Paskha chaka ndi chaka osamva kulira kwa mnansi wake, ndipo wina atha kumva. Ndi mmenenso zilili ndi ife amene timadya Mgonero wa Ambuye.

Kuchepa kwa chiwerengero

M'chaka cha 1961 Ayuda m'dziko lino analipo pafupifupi 7,000. Anali ndi masunagoge m'mizinda ingapo, sukulu ya Carmel ku Bulawayo ndi ya Sharon mu Salisbury, nyumba yosungiramo okalamba ya Savyon Lodge, ndiponso mabungwe a maliro. A m'bungwe la maliro ali ngati adzukulu athu a kumanda: amasambitsa mtembo, kuuveka nsalu yoyera ndi kuuika m'bokosi losakongoletsa, lofanana kwa wolemera ndi wosauka. Koma nkhondo ya m'zaka za m'ma 1970, ndi mavuto a chuma amene anakula kuyambira m'chaka cha 2000, zinabalalitsa ana awo ku South Africa, ku Israyeli, ku Britain ndi ku Australia. Otsala ndi ochepa chabe, ambiri mwa iwo okalamba. Mipingo iwiri ya mu Harare, imene kale inkapemphera padera chifukwa chosiyana miyambo, inayamba kupempherera pamodzi kuti amuna 10 aja akwane. M'zaka za njala ndi kusowa kwa katundu m'masitolo, Rabbi Moshe Silberhaft wa ku Johannesburg ankayendera otsalawo, kuwabweretsera mkate wa Paskha ndi kuika maliro awo.

Mu Okutobala 2003, kutangotsala pang'ono kuti Tsiku la Chitetezero liyambe, sunagoge wamkulu wa ku Bulawayo, amene anakhala zaka zoposa 90, anapsa ndi moto. Mipukutu ya chilamulo cha Mose, yolembedwa pamanja pa zikopa, inapulumutsidwa. Anthuwo anasonkhana m'holo ina, nasala kudya ndi kupemphera monga mwa chaka chilichonse. Sichinali chinthu chachilendo kwa iwo. Kachisi wa Solomo anatenthedwa ndi Nebukadinezara m'chaka cha 586 Khristu asanabadwe, wachiwiri anagwetsedwa ndi Aroma, koma Sabata, tebulo ndi buku zinapitirira, chifukwa zinthu zitatuzi munthu atha kusamuka nazo.

Kalata ya Yeremiya

Tibwerere tsopano ku Mawu a Mulungu. M'chaka cha 597 Khristu asanabadwe, mfumu Yekoniya, akalonga ndi amisiri anatengedwa ukapolo kupita ku Babulo. Mneneri wonama Hananiya anawalonjeza kuti zaka ziwiri zisanathe adzabwerera. Uthenga wotere ndi wokoma m'makutu a munthu wosowa kwawo, koma umamuchititsa kukhala osamasula katundu, osadzala mtengo, osaphunzitsa mwana. Yeremiya anawalembera zowawa koma zoona, kuti zaka zidzakhala 70. Anawauza kuti amange nyumba, alime minda, akwatire ndi kukwatitsa ana awo, achuluke, ndipo afunire zabwino mzinda umene atengedwerako ndi kuupempherera kwa Yehova, pakuti mtendere wawo unamangirizidwa ku mtendere wa mzindawo. M'kalata yomweyo anawalonjeza kuti Mulungu sanawaiwale, ndi kuti adzampeza akamfuna ndi mtima wonse.

Taonani zinthu ziwiri zimene kalatayi yagwirizanitsa. Choyamba, khazikika ndi kutumikira dziko limene ulimo. Chachiwiri, usaiwale kuti ndiwe yani ndi Mulungu amene uli wake. Danieli anasunga zonse ziwiri: anatumikira mafumu a Babulo ndi Perisiya mokhulupirika, koma anakana chakudya chodetsa, napemphera katatu pa tsiku mazenera ali chitsegukire kuloza ku Yerusalemu. Wosunga choyamba chokha amasungunuka ngati mchere m'madzi, ndipo mdzukulu wake sadziwanso Mulungu wa agogo ake. Wosunga chachiwiri chokha amakhala wodandaula moyo wake wonse, wosathandiza mnansi, wongodikira basi yopita kumudzi imene mwina sidzabwera.

Nanga ife?

Makolo athu anabwera kudzagwira ntchito m'migodi, m'mafamu a fodya, m'mafakitale ndi m'makhitchini. Nawonso anabwera ndi zawo. Ena anasunga gule wamkulu, amene Ashona amamutcha zvigure. Ayao anamanga mizikiti ndi kuvina beni. Akhristu anasonkhana kupemphera m'chiyankhulo chawo, ndipo m'chaka cha 1912 mbusa T.C.B. Vlok anachoka ku Nyasaland kudzawatumikira mu Salisbury, ntchito imene inabala Sinodi ya Harare ya mpingo wa CCAP. Anayambitsa mabungwe a maliro kuti mnzawo asaikidwe ngati wopanda abale. Pamene Chitungwiza inakhazikitsidwa m'chaka cha 1978 pophatikiza Seke, Zengeza ndi St Mary's, ambiri a iwo anapezamo nyumba, nadzala mango ndi mapeyala pakhomo. Pamenepo anachita monga mwa kalata ya Yeremiya.

Anamvanso kuwawa kwa ulendo. Ananyozedwa ndi maina achipongwe, ndipo lamulo la unzika la m'chaka cha 2001 linachititsa kuti ambiri obadwira konkuno awerengedwe ngati akunja ndi kutaya ufulu wovota. Malamulo aakulu a dziko a m'chaka cha 2013 anabwezera unzika kwa obadwira muno amene kholo lawo linachokera m'maiko a SADC, ndipo anaika Chichewa pakati pa ziyankhulo 16 zovomerezeka za Zimbabwe. Tiyamika Mulungu chifukwa cha zimenezi. Koma lamulo la boma silingathe kuphunzitsa mwana kupemphera. Lero ana athu nawonso abalalikira ku Johannesburg, ku Cape Town, ku Gaborone ndi ku London, ndipo m'nyumba zambiri za mu Zengeza mwatsala agogo ndi adzukulu okha, monga momwe zinachitikira ku Milton Park.

Mkulu uja anatsiriza nkhani yake ndi mawu amene sanandichoke mumtima. Anati: "Abusa, ana a abwana anga anabadwira kuno, Rhodes sanamuonepo, koma ankadziwa nkhani yawo yonse kuyambira kwa Farao. Adzukulu anga sadziwa dzina la mudzi wanga, ndipo sadziwa tsiku limene Yesu anandipeza. Mlandu ndi wanga, chifukwa ndinkangowatuma ku Sande sukulu, ine osawauza kanthu." Mawu amenewa ndi a makolo ambiri, kaya ali ku Zengeza kapena ku Ndirande. Tinasiyira abusa ndi aphunzitsi ntchito imene Eksodo 12 ndi Deuteronomo 6 anaipereka kwa atate ndi amayi, kuti ichitike m'nyumba, pa njira, pogona ndi podzuka.

Sitikunena kuti Mkhristu ayambe kusunga masiku a Chiyuda kapena kugawa miphika pawiri. Paulo pa Akolose 2 akutiphunzitsa kuti zimenezo zinali mthunzi wa zinthu zimene zinali kudza, ndipo thupi lake ndi Khristu. Pa 1 Akorinto 5 akutiuza kuti Khristu ndiye Paskha wathu amene anaphedwa nsembe. Ambuye Yesu anakhazikitsa Mgonero pa tebulo la Paskha, natenga mkate wopanda chotupitsa ndi chikho, napatsa ophunzira ake kuti azimkumbukira. Fupa louma lija la pa tebulo la Ayuda likuchitira umboni kuti nsembe ya m'Kachisi inaleka. Ife tikhulupirira kuti Mwana wa Nkhosa wa Mulungu anaperekedwa kamodzi kokha, ndipo mwazi wake ukwanira Myuda ndi wamitundu yemwe. Koma tisadzikuze pa Ayuda kapena kuwanyoza, pakuti Aroma 11 akutichenjeza kuti ife ndife nthambi zomezetsanidwa pa mtengo wa azitona umene mizu yake si yathu. Chidani chimene chinapha anthu a ku Rhodes chinakula m'maiko odzitcha achikhristu, ndipo chisapezeke malo pakati pathu.

Chimene tiphunzire kwa iwo ndi ichi: chikhulupiriro cha mlendo chimasungidwa pa mkeka wodyerapo. Akuluakulu anati mmera mpoyamba. Sankhani madzulo amodzi pa sabata, zimitsani wailesi yakanema, ikani mafoni pambali, idyani pamodzi. Lolani mwana afunse, ndipo mumuyankhe m'chiyankhulo chimene akumva, kaya ndi Chichewa, Chishona, Chizulu kapena Chingerezi, monga atate aja ankamasulira Chihebri kuti ana amve. Muuzeni mudzi umene munachokera, njira imene munadzera, njala imene munapulumuka, ndipo koposa zonse muuzeni mmene Khristu anakutulutsirani mu ukapolo wa tchimo. Inu amene muli ku South Africa ndipo ana muwasiya ndi agogo, poimba foni musamangofunsa za fizi ndi yunifolomu, pempherani nawonso.

Ndipo funirani zabwino mzinda umene mukukhalamo. Chitungwiza inaona maliro ambiri pa mliri wa kolera umene unayamba m'chaka cha 2008, ndipo matendawo sanafunse munthu mtundu wake. Mzere wa pa mjigo ndi umodzi kwa Mshona, Mndebele ndi Mchewa. Pemphererani atsogoleri, sesani msewu wanu, thandizani wamasiye wa khomo loyandikana nalo. Pakuti ngakhale amene sanachokepo m'mudzi wa makolo ake ndi mlendo pa dziko lino. Petro akutitcha alendo ndi ogonera, ndipo Ahebri 13 akutikumbutsa kuti mudzi wokhalitsa pano tilibe, tikuyembekeza ulinkudzawo. Kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka, ndipo kwawo kwa Mkhristu ndi kumene kuli Ambuye wake. Kodi inu, wokondedwa womvera, muli nako kwanu kumeneko? Ngati simunalandire Yesu Khristu, khomo lili chitsegukire lero.

Tiyeni tipemphere. Atate wathu wakumwamba, Mulungu wa Abrahamu, Isake ndi Yakobo, amene munayenda ndi anthu anu m'chipululu ndi ku Babulo, kumbukirani onse okhala m'maiko a eni. Tonthozani okalamba amene ana awo ali kutali. Chitirani chifundo mtundu wa Israyeli, ndipo patsani mtendere onse okhala m'dziko lija. Dalitsani Zimbabwe, Malawi, Zambia, Mozambique ndi South Africa. Tsegulani pakamwa pa makolo kuti afotokozere ana awo ntchito zanu zazikulu, kufikira tsiku limene tidzakhale pa phwando la Mwana wa Nkhosa. M'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu, Amen.